Likhweru la M'selo

Mkaika, Katete
9 Febuluwale 2025

Okondedwa alongo anga, amake Yamikani,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino ku Kitweko pamodzi ndi alamu. Kuno mvula yatikumbukira chaka chino, chimanga chamasula ndipo mtedza wanu wakudambo ndapalira kawiri. Pa foni mukandifunsa za mwana kundende ndimangoti ali bwino, chifukwa mawu amandithawa ndikamva mukupuma mbali inayo. Lero ndakhala pansi kuti ndilembe zonse. Muwerenge muli chikhalire.

Ndiyambe ndi tsiku la pangano, poti ndi limene akhoti akufuna. Linali Lachisanu, pa 3 Meyi 2019, pakhonde pa a Josephat Sakala ku Sinda. Analipo a Josephat eni ng'ombe, akazi awo a Filomena, inuyo, ine, ndi Yamikani wa zaka khumi ndi zinayi atavala malaya anga. Tinapangana monga amachitira aliyense kuno: mwana awete zaka zinayi, azidya komweko ndi kugona komweko, zikatha apatsidwe thadzi limodzi likhale lake. Sitinalembe pena paliponse. Amalemba ndani zoterezi? Chaka chachitatu a Josephat anamulozera okha thole lamawangamawanga, iye n'kulitcha Chitenje.

A Josephat anamwalira kutatsala miyezi itatu kuti pangano lithe, khola n'kugwera m'manja mwa mwana wawo Amos. Ndinapitako katatu. Ulendo wachitatu Amos anandiyankha akutsuka njinga yamoto, osanditembenukira n'komwe.

"A Moffat, pangano munapangana ndi bambo. Manda mukuwadziwa, kafunseni kumeneko."

Mwana anawetabe chaka china chathunthu, kudikira kuti mwina mtima wa Amos ubwerera. Pa 6 Meyi chaka chatha anatsegula khola dzuwa lili pamutu, n'kumanga Chitenje chingwe, n'kuyamba ulendo wobwera kuno. Sanadzere kutchire. Anayenda mumsewu waukulu akupereka moni kwa anthu, poti m'mutu mwake ankapita kwawo ndi malipiro ake. Zimenezi munazimva. Chimene sindinakuuzeni ndi mmene anamugwirira.

Chaka chatha chinali cha chilala, ng'ombe zinkabedwa sabata ndi sabata, ndipo anthu a ku Sinda anali atatopa. Amos anangodutsa pamsika pa njinga yake akukuwa kuti wakuba, basi. Anamugwetsa ndi njerwa ya kumsana. Wina anamuponda pakamwa ndi jombo, mano awiri akutsogolo n'kutsalira mufumbi. Anamumanga manja ndi chingwe chomwecho cha ng'ombe n'kumamukoka pamiyala, amayi ena akumuthira mchenga m'maso. Tayala linali litafika kale, ankangodikira mnyamata amene anathamangira petulo. Anamupulumutsa ndi a Fadili, Msilamu wa golosale pamenepo, amene anamukokera m'sitolo mwawo n'kutseka chitseko chachitsulo mpaka apolisi anafika. A Fadili anandiuza kuti nthawi yonseyo mwana ankangonena chinthu chimodzi: "Musaimenye ng'ombeyo, ili ndi bere."

Ng'ombe apolisi anaijambula n'kuibwezera kwa Amos. Mwana anapita kundende kukadikira mlandu. Kuti atuluke pa belo anati pafunika anthu awiri apantchito yodziwika oti amusainire, ndipo mukudziwa kuti kumtundu kwathu wotero kulibe. Mlandu wayimitsidwa kasanu ndi kawiri. Tsiku lina Amos sanabwere, tsiku lina galimoto yonyamula akaidi inalibe mafuta, tsiku lina mapepala sanaoneke.

Loweruka lililonse ndimapita ndi chakudya. Mzere wa pageti, alongo, ukutalika ngati wa feteleza. Mu Juni mzerewo unkathera pamtengo wa mango, pano umakhota mpaka kumsewu. Poyembekezera timafunsana. Uyu mwamuna wake anagwidwa ndi matumba a makala, uyu mwana wake anathyola nkhokwe ya eni nthawi ya njala, uyu analamulidwa faindi koma inamukanika. Ambiri ndi onga wathuyu, sanaweruzidwe, akungodikira. Olowa ndimawaona tsiku lililonse ndikapita, otuluka ndi mmodzimmodzi.

Miyezi yoyamba ndinkamupeza miyendo itatupa ngati mitondo. Anandiuza kuti selo yawo inamangidwira anthu makumi atatu koma amagonamo oposa zana. Watsopano amagona pafupi ndi chimbudzi, chokhala, mnzake pakati pa miyendo yake, iyenso pakati pa miyendo ya wina. Okhalitsa amagona cham'mbali, mothinana, moti mmodzi sangatembenuke yekha, amatembenuka onse pamodzi. Wolamulira m'katimo ndi mkaidi mnzawo amene amamutcha kapitawo, dzina lake Joel. Mwana anandionetsa msana, mizere ya paipi ili mbwee, ina ikutuluka mafinya. Ndinati tikadandaule. Anati, "Amalume, mukadandaula inu mupita kunyumba, ine nditsala muno."

Kufika mu Okutobala ndinaona kusintha. Miyendo inaphwa, masaya anabwerera, anavala juzi yomwe sindinamugulire ine. Ndinathokoza Mulungu, ndipo tsiku limenelo pa foni ndinanena zoona kuti ali bwino.

Pamzere paja ndinadziwana ndi mayi wina wachikulire wochokera ku Vubwi, a Tiwonge. Amuna awo a Fanwell anagwidwa ndi matumba anayi a chimanga pa njinga akulowera ku Malawi, faindi n'kuwakanika, ndiye anawapatsa miyezi isanu ndi inayi. Mayiwa ankakwera magalimoto awiri kuti afike, kawiri pamwezi. Ankabwera ndi mtedza wokazinga m'kathumba ka shuga, tinkadya limodzi, ine n'kumawasungira malo akapita kukamwa madzi. Ankandiseka kuti ndimalankhula ngati ndikuopa kudzutsa mwana.

Loweruka lina mu Disembala anatuluka koona amuna awo maso ali ofiira. Anati a Fanwell akutsokomola magazi, ndipo m'selomo muli mnyamata wa kapitawo amene amawamenya.

"Ndiye amene amalongedza anthu pogona, achimwene. Akuti amawerenga mitu mwachangu kuposa asilikali. Ali ndi paipi, amagogoda m'mawondo kuti fendera uko, fendera uko, ngati akulowetsa ng'ombe m'khola. Akaimba likhweru onse atembenuke. Amuna anga aja chifuwa chimawapweteka, amachedwa, ndiye amawaponda."

Ine ndinati mwana woteroyo alibe make. Ndinanena ndi pakamwa pangapa, alongo. Kenaka mayi aja anati amuna awo awayeserera likhwerulo, n'kuliimba pomwepo pamzere, motsitsa: kawiri kafupi, kamodzi kotalika kokwera kumapeto.

Inu mukulidziwa likhweru limenelo. Ndi lija mwana wanu ankaimba potulutsa ng'ombe kudambo, lija munkati likumveka mpaka kuchigayo. Mano anachoka koma likhweru silinasinthe. Mtedza wa mayi aja unali m'kamwa mwanga.

Nditalowa ndinamufunsa Yamikani pawaya wotilekanitsa. Sanakane, ndipo sanagwetse nkhope.

"Amalume, a Joel anaona kuti ndimatha kulongedza. Ena akalongedza anthu khumi amatsala chiimire mpaka kucha. Ine ndikalongedza onse amakhala pansi."

"Nanga kumenya akuluakulu?"

"Ng'ombe ikagona pakhomo la khola zinzake zimaiponda. Umaidzutsa ndi ndodo kuti ipulumuke."

"Aja si ng'ombe, Yamikani. Ndi agogo ako aja."

"Ndikapanda kumenya ine, a Joel amenya ine, paipi n'kupatsa wina, ine n'kubwerera kuchimbudzi. Munauona msana wanga. Mukufuna ndibwerere?"

Ndinangomupempha kuti mdala wa ku Vubwi yekhayo azimulambalala. Anati ayesa, n'kufunsa ngati ndabweretsa sopo.

Zimene zinachitika mu Januwale ndinazimva kwa iye mwini, ndiponso kwa mnyamata wina wa kwa Kawaza amene anatuluka sabata yomweyo, ndipo mawu awo akufanana. Tsiku limenelo munalowa anthu atsopano khumi ndi anayi nthawi imodzi, ogwidwa pa ndewu ya malire a munda. Malo anatheratu. Kapitawo anati aliyense apanikizike, ndipo mzere umene utsale ndi munthu woimirira, wolongedza ndiye alandira. Likhweru litalira mzere wonse unatembenuka kupatula a Fanwell. Mzere unakakamira, anthu anayamba kutukwana ndi kumenyana zigongono. Kapitawo anamuwaza Yamikani mbama ya kukhutu n'kumuuza kuti aweta bwanji ng'ombe makumi asanu munthu wolephera nkhalamba imodzi. Mwana wanu anadumpha pamwamba pa anthu, n'kuwamenya a Fanwell ndi paipi m'nthiti. Sanatembenuke. Anawaponda ndi chidendene pachifuwa, kawiri, kufikira china chake chinalira ngati nkhuni youma. Kenaka anawatembenuza yekha ndi manja, mzere n'kukwanira, onse n'kugona. Kutacha, amene anagona kutsogolo kwawo anadzuka msana uli magazi okhaokha.

A Fanwell anamwalira kuchipatala pa 21 Januwale. Anali atatsala ndi milungu isanu kuti atuluke.

Kapitawo wanena kuti iye anali m'tulo. Anthu zana aja onse anali m'tulo. Yamikani yekha ndiye wavomera, ndipo amutsegulira mlandu wachiwiri, wa imfa. Amuchotsa m'selo muja, ali kwa yekha. Akuti paipi ili kale ndi mnyamata wina.

Tsiku lotenga maliro ndinapita kuchipatala. Achibale anali ochepa, ndiye ndinagwira nawo bokosi kukweza pa galimoto ya kanta yopita ku Vubwi. A Tiwonge anandigwira dzanja nati, "Achimwene, inu nokha ndi amene mwandiyimira kuno kuchilendo." Pamenepo sindinathe kupitiriza kukhala chete. Ndinagwada pafumbi n'kuwauza kuti mnyamata wa likhweru uja ndi mwana wa mlongo wanga, ndipo ndakhala ndikudziwa kuyambira Disembala.

Mwana wawo wamwamuna anatsika pa kanta n'kundimenya ndi chitsulo chomasulira matayala. Dzanja lamanzere lathyoka pamwamba pa chigongono, lili mu pulasitala, koma ndimalemba ndi lamanja, musadandaule. Akanandimaliza, koma mayi ake anamugwira malaya. Sanakuwe mayi aja. Anangondiyang'ana nati, "Mtedza wanga munkadya."

Sabata yatha ndinapita ku Vubwi ndi a Samuel, akulu a mpingo wathu, kukapepesa maliro monga mwa mwambo. Anatilandira panja, sanatipatse mpando. Akubanja anati za boma ndi za boma, koma pakati pa mabanja misozi ipukutidwe ndi ng'ombe imodzi yaikazi. Ndinavomera. Mundikhululukire kuti ndinavomera musanamve, koma mwini mbumba ndine, ndipo sindinaone njira ina yotulukira pabwalo paja.

Tsopano pempho langa ndi ili. Mlandu wa ng'ombe ukulowanso Lachiwiri pa 4 Malichi. Loya wa boma wothandiza osauka wati mawu anga okha ndi opepuka, pafunika wina amene analipo pa pangano, makamaka kholo limene linapereka mwana. A Josephat anapita. A Filomena ndinawapeza kumunda, anati, "Ndikukumbuka zonse, a Moffat, ngakhale malaya amene anavala. Koma ndimadya m'manja mwa Amos." Mwatsala inu. Loya wati khoti likakhutira kuti mwana anatenga chimene ankadziwa kuti ndi chake, mlandu wakuba ugwa, ndipo tingathe kuitanitsa ng'ombeyo. Za mlandu wachiwiriwo sanandilonjeze kanthu. Ndinamufunsa kuti zaka zingati, anayang'ana pawindo.

Ndikudziwa kuti abwana anu sapereka tchuthi msanga. Apempheni lero lomwe. Mukafike pa 2 kuti tikhale ndi tsiku lokumbutsana, ndidzakudikirani pa siteshoni ku Katete. Mubwere ndi chitupa chanu. Ngati mungapeze mankhwala a mphere mugule, kuno adula.

Dzulo ndinamuuza Yamikani kuti ndikulemberani. Anati kukhoti mubwere, koma kundende musafike. Ndinamuuzanso kuti Chitenje anabereka mu Disembala, thole lalikazi, lamawanga ngati make, ndinaliona ndekha podutsa pakhola la Amos. Apo ndiye anakweza mutu. Anafunsa ngati likuyamwa bwino, ndiponso ngati amene akuweta pano amadziwa kuti Chitenje sakonda kumwa pamatope. Kuchokera tsiku la a Fanwell, aka kanali koyamba kumuona akulira.

Alamu anu amake Caroline akupereka moni, ndi ana onse. A Samuel akuti akukupemphererani. A Fadili a ku Sinda amafunsa za mwana nthawi zonse ndikadutsa, ndipo sindinawauze za mlandu wachiwiri. Mupereke moni kwa alamu ndi kwa onse a kwathu amene ali kumeneko. Yamikani ndinamufunsa kawiri ngati pali mawu oti ndikulembereni. Anati ndilembe kuti juzi ali nayo, musavutike kutumiza.

Kuti musasokonezeke poyankha kukhoti, zinthu zili motere. Kwa Amos kuli ng'ombe za Yamikani ziwiri, Chitenje ndi thole lake. Ku Vubwi, kwa a Tiwonge, tikuyenera kupereka ng'ombe imodzi, ndipo sitinapereke.

Ndine mlongo wanu,
Moffat Mbewe