Nyumba ya pa kompyuta ilibe phiri

Aphungu,

Ndithandizeni msanga, amuna anga simenti agula kale ndipo Loweruka akufuna kukumba maziko. Ndine mayi wa mwana mmodzi, Madalo, akadali kuyamwa. Timachita lendi ku Chilobwe. Amuna anga a Willard apeza malo kumtunda, m'munsi mwa phiri la Soche, pafupi ndi khwawa lomwe linatsitsa matope nthawi ya namondwe wa Freddy. Matope amenewo ananditengera akulu anga a Idah, ndiye ine ndikangoona mitambo yakuda mtima umathamanga.

Chomwe chandikwiyitsa ndi pepala. Anzawo a Fadili amatayipa mayeso a masamu pa kashopu ka makompyuta ku Zingwangwa. Ndi amene amajambula timabokosi ndi zitini zija ana amafunsidwa kuti mungalowe madzi ochuluka bwanji. Ndiye a Willard anawauza mulitali ndi mulifupi mwa zipinda, iwo nkulemba manambala, kompyuta nkutulutsa nyumba. Ndinaiona ndi maso angawa, akuitembenuza uku ndi uku, kumaso, kuseri, mpaka pamwamba pa malata. Yokongola, sindikana. Koma yakhala posalala ngati pa tebulo! Phiri mulibe, khwawa mulibe, chimwala chachikulu chomwe chili kumtunda kwa malowo mulibenso. A Fadiliwo sanapondeko nkomwe kumeneko.

Nditanena, amuna anga anandiseka. Akuti, "Mayi a Madalo, inu a Sitandade 6 mungatsutse kompyuta? Mizere kuwongoka chonchi! Ikanakhala nyumba yoti igwa bwenzi itakana kujambula." Pepalalo alimata pakhoma, aliyense wobwera amamuonetsa. Apongozi nawo akuti, "Mkazi wanji wodana ndi chitukuko, anazolowera lendi ameneyu."

Aphungu, sukulu sindinapite nayo patali, koma kodi kompyuta inawaona matope aja? Ndikagoneke mwana wanga pansi pa chimwala chifukwa cha chithunzi? A Willard ndawauza kuti ine kumeneko sindikalowa, iwo akuti ndiye ndizipita kwathu ku Nsanje. Nditani ine?

M.N., Chilobwe

Mayi a Madalo,

Mantha anuwo ndi oyenera, ndipo nkhaniyi inenso yandipsetsa mtima. Kompyuta sikana kanthu. Imajambula zimene munthu waiuza, basi. A Fadili atalemba manambala a nyumba yoima pakati pa mtsinje wa Mudi, ingaitulutse yowongoka bwinobwino, ndi mazenera omwe. Chimene a Willard amata pakhomapo ndi bokosi la mayeso a masamu lovekedwa malata. Si pulani, ndipo palibe katswiri amene wavomerezapo chilichonse.

Musalimbane ndi pepalalo, ligwiritseni ntchito. Pitani kwa a Fadili limodzi ndi amuna anu, mukawapemphe akwere nanu pamalopo, aone okha, kenako ajambulenso nyumbayo ili potsetsereka pake penipeni, khwawa ndi chimwala zili pomwepo. Ngati ndi munthu woona, anena okha pamaso pa mnzawo kuti ntchito yawo ndi yotayipa, za nthaka sadziwa. Abambo ambiri amamva msanga za mnzawo kuposa za mkazi wawo. Nzokhumudwitsa, koma pano tikufuna kuti amve.

Loweruka lisanafike itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Mawu oti muzipita ku Nsanje si oti muwameze nokha, ndipo apongozi akamvere pomwepo kuti munaika m'bale wanu chifukwa cha khwawa lomwelo. Ku khonsolo ya mzinda kulinso anthu oona za malo omangapo. Mukafunse ngati pamenepo mpololedwa kumanga. Simenti ingadikire pamalo ouma, maziko sathawa.

Chenjerani ndi ziwiri. Musang'ambe pepalalo ngakhale likukunyansani, mungowapatsa ponenera kuti ndinu wansanje. Ndipo musavomere zoti "tingolowamo chilimwe chino, dzinja tidzaona." Mvula ikadzayamba nyumba ya lendi mudzakhala mutaisiya, kothawira kulibe.

Onse akakana kumva, musakalowe. Kubwerera ku Nsanje ndi mwana kumbuyo nkowawa, anthu adzakunenani. Koma mukudziwa nokha kuti akulu anu a Idah mwayi wonenedwa ndi anthu sanaupeze.

Aphungu