Dzina la Amalume pa Pepala la Mzime

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bondo lija likukulolani kupalasa njinga tsopano? Kuno tili bwino, kungoti chimfine chinandigwetsa sabata yatha, ndipo makina anga osokera ayamba kudumphitsa ulusi. Nawonso akukalamba ngati mwini wake.

Nkhani yaikulu ndi ya Mzime wathu. Lachiwiri ananditenga kuti ndikaone kuntchito kwake. Anandiveka chikhoti choyera chofika m'maondo n'kundiletsa kukhudza chilichonse, ine amene ndinkamupukuta mamina! M'chipindamo muli timbale tosanjikizana momwe amawetamo tizilombo toyambitsa matenda, ndipo fungo lake lili ngati msuzi wogona. Anandisuzumiritsa pa makina oonera tinthu tating'onoting'ono. Ndinangoona timizere tofiirira, koma iye anati timeneto ndito tikupha makanda m'zipatala, chifukwa sitikumvanso mankhwala akale.

Sagwira yekha ntchitoyi. Pali dokotala wa ana, mayi wamtali woseka mokweza, pali dokotala wa ziweto, komanso wina wa masamu amene amalankhula nawo pa kompyuta ali kudziko lina. Dokotala wa anayo anandigwira dzanja n'kundiuza kuti chifukwa cha zimene Mzime anapeza, zipatala zisanu zasintha mankhwala opatsa ana obadwa kumene, ndipo amayi ambiri tsopano akutuluka m'wodi ana ali m'manja. Ndinayang'ana kudenga kuti misozi isagwere pa chikhoti cha eni. Ndinakumbukira kamwana kanu koyamba kaja, kamene tinangokhala nako masiku asanu ndi anayi.

Tsopano pempho langa. Mukukumbukira kuti amalume, pomwe ankagwira ntchito m'chipinda choyezera magazi pa chipatala chathu, Mzime anawapempha kuti azimusungira tizilombo ta makanda odwala? Anasunga kwa zaka khumi ndi chimodzi, kabotolo kalikonse n'kukalemba tsiku ndi wodi, ndi pensulo, poti inki imasungunuka m'firiji, ndipo zonsezi ankazilembanso m'kope. Magetsi akathima ankathamanga okha kukasaka ayezi. Wa masamu uja akuti pakanapanda mabotolo amenewo ndi kope la amalume, palibe akanadziwa chaka chimene tizilomboti tinayamba kukana mankhwala.

Gulu lonse lagwirizana kuti dzina la amalume likhale pakati pa olemba pepala la zomwe apezazi. Koma lamulo lake n'lakuti munthu alione pepalalo ndi kusaina yekha. Mzime atawaimbira foni, amalume anakana. Akuti iwo anali otsuka mabotolo chabe, ndipo kukhala pamzere umodzi ndi maprofesa kuli ngati kuvala jekete yobwereka. Akuti kungowathokoza kumunsi kwa tsamba n'kokwanira.

Mzime mumamudziwa kuuma mutu kwake. Wanenetsa kuti popanda dzina la amalume pepala silichoka pa tebulo lake. Anzake akumukumbutsa kuti tsiku lomaliza kulitumiza kwa osindikiza ndi kumapeto kwa mwezi uno, ndipo likadutsa, zipatala zina zidikira chaka chathunthu zisanamve za mankhwala oyenera. Masiku ano Mzime akungotola chakudya ngati mbalame.

Chonde, achimwene, pitani nokha kwa amalume, musatume munthu. Pepalalo ndaliika m'envulopu momwemu, pamodzi ndi tsamba limene Mzime wafotokozapo zonse m'mawu osavuta. Muwawerengere pang'onopang'ono atavala magalasi awo. Musayambe ndi kuwatamanda, amakwiya. Muwafunse ngati masiku a m'kope mwawo alembedwa molondola m'pepalalo. Akangopeza cholakwika chimodzi n'kuchikonza, muwauze kuti imeneyo ndiyo ntchito ya wolemba, ndiye muwapatse cholembera.

China chochititsa manyazi n'chakuti titakhala pansi kudzaza fomu ya mayina a olemba, ine ndi Mzime tinangoyang'anana. Zaka zonsezi takhala tikungoti amalume, amalume, ndipo dzina lawo lachiwiri palibe akulidziwa. Muwapemphe alembe lonse ndi dzanja lawo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali, kwa ana onse, ndi kwa amalumewo mukamaliza kulimbana nawo. Mzime akuti moni wake apereka akaona siginecha.

Tsalani bwino, ndipo mundiyankhe msanga.

Ndine mlongo wanu,
Make mapasa