Tchizi Chasintha Dzina

Achimwene a Shafi,

Salaamu aleikum. Kuno ku Landover, ku America, tilipo, kaya inu ndi alamu ku Namwera? Akulemba ndi mwana wanu Najma, koma mawu ndi anga.

Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikulongedza tchizi chochokera kumapiri a ku Ulaya. Ndimachidziwa ndi mphuno, sindinasokonezepo. Tsopano kumeneko mvula yavuta, msipu wauma. Lamulo lawo limati tchizi chimatenga dzina la phiri pokhapokha ng'ombe zadya udzu wa pomwepo. Ndiye alimiwo agwirizana kugula udzu kwina, tchizi chakecho n'kuchipatsa dzina lina.

Ndanunkhiza zonse ziwiri, chakale ndi chatsopanochi, achimwene, n'chimodzimodzi. Kusiyana kuli pakapepala kolembedwa dzina basi. Lolemba abwana akufuna ndizisiyanitse iwo akuona. Inu mukudziwa kuti sukulu sindinaipondeko, koma iwo zaka zonsezi ndimawauza kuti ndaiwala magalasi. Najma akuti andiphunzitse zilembo, ndamukanira. Ndi imvi zangazi ndiziyimba a, e, i?

Munda wanga wakudambo uja musabwereketse chaka chino. Sindikunena kuti ndikubwera.

Ine mng'ono wanu,
Seleman