Wovala Bulauzi Yanga

Kwa Mavwere,
Mchinji.
19 Febuluwale 2024

Okondedwa achemwali a Millicent,

Ndikhulupirira kuti inu ndi alamu muli bwino ku Kawaleko. Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati kale, foni masiku ano ili ndi makutu. Mayi amene wakupatsani kalatayi ndi Luwiza, kwawo ndi ku Phalombe. Mpatseni kaye madzi ndi pokhala, kenako muwerenge.

Mukuidziwa esiteti ya fodya ija ili chakumalire, kumene amuna anga a Kefasi amalondera pageti. Anthu amakawatenga kutali pa lole, ati kuli ntchito yabwino. Akangolowa amawalanda zitupa ndi mafoni, wofuna kuchoka amamuuza kuti ngongole ya ufa sinathe. Ukapolo weniweni, achemwali, dzuwa likuswa mtengo! Mawu amene ndawalankhulira a Kefasi chifukwa cha ntchito imeneyi ndi osayamba. Ndinkawatcha galu wa bwana, iwo n'kungoti, "Nanga ana adya chiyani, mayi?"

Chimene sankadziwa n'chakuti ife amayi a Chigwirizano tili ndi kanjira kathu. Mkatimo mukagwa maliro palibe kapitawo angatitsekere geti. Timalowa chigulu tikuimba, yunifolomu ina titaipinda pansi pa ufa wachipepeso m'dengu, ndiye potuluka timakhala tawonjezekera mmodzi. Amuna amavula zipewa n'kuzolika. Ndani angawerenge amayi olira?

Luwiza anali mmodzi wa otsekeredwa mkatimo. Mwamuna wake anamuwolotsa kale malire, ali kumunda wina wa bwanayo ku Zambia. Sabata yatha khanda la Luwiza linamwalira, analiika pachulu pafupi ndi geti, ndipo tinamva kuti nayenso amuwolotsa posachedwa. Lachinayi tinapita kukapepesa. Ndinamuveka bulauzi yanga ina, siketi yakuda ndi duku yoyera, n'kumuika pakati pathu, chitenje kumaso ngati wolira. Zonse zinkayenda bwinobwino.

Koma mayo ine, palibe anaganiza zomufunsa mpingo wake! Titafika pachulu paja mayiyu anaima, n'kuchita chizindikiro cha mtanda. Mkatolika! Nyimbo inandithawa pakamwa. Kapitawo, a Vitus, anali chiimire pambali pa a Kefasi.

"Iwe mlonda," anatero a Vitus, "a Chigwirizano anayamba liti zimenezi? Tamuimitsa uyo."

A Kefasi anayang'ana bulauzi ija. Anaidziwa, paja pakhosi ndinasokapo ndi ulusi wabuluu umene anandigulira okha kwa Kamwendo. Kenako anayang'ana ine. Mumtima ndinati basi, lero zathu zada.

"Aa, bwana, amenewo ndi alamu anga a ku Kawale," anatero akuseka. "Anakwatiwa kwa Akatolika, dzanja linazolowera. Dutsani amayi, mukutchinga thirakitala!"

Tinadutsa. Mutikhululukire, achemwali, dzina lanu lagwira ntchito inu musakudziwa.

Tsono pempho langa ndi ili. Musungeni Luwiza mpaka apezeko mphamvu, ndiye mukamukweze nokha basi ya ku Limbe, kuchoka apo njira akuidziwa. Musamufunse zambiri. Akamva njinga yamoto amathawira kuseri kwa chitseko, musamuseke. Usipa sadya, ati umamukumbutsa mkati muja. Nkhani ya mwamuna wake abusa apita nayo ku boma. Bulauziyo mundisungire komweko, pakadali pano sindingathe kuiona.

Mwana wanga Tionge, wapamtima wanu uja, akupereka moni, akuti nsapato munamutumizira zija zayamba kumuthina. Amayi a Maria, mtsogoleri wathu, akuti Mulungu akudalitseni. A Kefasi akanakupatsani moni okha, paja inu awiri simutha kuonana osaseleulana pachilamu. Koma Lachinayi lomwelo atapeza kuti Luwiza palibe, kapitawo anakumbukira amene ananama pageti. Mpaka lero a Kefasi sanabwere kunyumba. Njinga yawo anabweretsa ndi munthu wina. Ena akuti awatsekera mkatimo, ena akuti anawaona pa lole yolowera kumalire. Ndinapita kugeti, ndinapeza mlonda wachilendo, anandibweza ngati wopemphetsa. Luwiza musamuuze, iye akungodziwa kuti ali kuntchito.

Ndili ndi mantha, achemwali, chakudya sichikulowa. Mawu otsiriza amene ndinawauza m'mawa umene uja ndi aja a galu. Amayi anzanga a Chigwirizano akundilimbitsa mtima kuti tilowanso, dengu lilipo, nyimbo tili nazo. Koma kanjira kathu n'ka amayi okhaokha. Mwamuna ndikamuveka chiyani?

Mutipempherere.

Ndine mng'ono wanu,
Esitele