Dalitso wayamba kuyankhula

Amayi, kaya mukukhala bwanji kumene muliko?

Ndikudziwa nkhawa imene munapita nayo. M'chipatala muja munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Esinati, uja Dalitso, mwana wa mng'ono wako Misozi, umuyang'ane, zaka zitatu osatchula ngakhale amama." Lero ndakhala pansi kuti ndikuuzeni kuti mtima wanu ukhale m'malo.

Koma ndiyambe ndi za pakhomo. Mvula chaka chino yagwa bwino ku Palabana, ndipo chimanga chachikasu cha nthawi ya chilala ija tachiiwala. Ng'ombe yanu yamawanga yabereka thole. Denga la khitchini likudonthabe. Achimwene akuti alifolera akakolola, monga ananeneranso chaka chatha.

Mutangopita, kwawo kwa a Tembo, amuna ake a Misozi, anagwirizana zoti Dalitso akamudule pansi pa lilime ndi lezala, ati lilime ndi lomangika. Ena ankati ndi wogontha. Misozi ankangolira. Ine ndinawapempha kuti ayambe andilola kuyesa zimene ndimachita ndi ana pa kafukufuku wanga wa ku yunivesite, uja munkamunena kuti, "Sukulu yonseyi, mapeto ake n'kusewera ndi ana m'fumbi!"

Ndinakhala pa mphasa, manja ndinabisa m'chitenje, maso ndinayang'ana pansi. Zimenezi n'zofunika, Amayi, chifukwa mwana ndi wochenjera: ukaloza ndi chala kapena ndi maso, amatsatira chalacho osati mawu. Ndiye ndinanena motsitsa mawu kuti, "Dalitso, tenga kapu ili pansi pa benchi, ukaiike m'kati mwa dengu." Kenako ananyamuka, anatenga kapu, anaiponya m'dengu. Ndinamutumanso kuti akaiike pamwamba pa mtondo. Anakaiika. Nditati kumbuyo kwa mtondo, anaima n'kumauzungulira, ndipo a Tembo anati, "Mwaona alamu, walephera." Ndinawafotokozera kuti pamenepo ana ambiri a msinkhu wake amaima. M'kati ndi pamwamba amaziphunzira msanga, koma mtondo ulibe nkhope, ndiye mwana ayenera kuganiza yekha kuti kumbuyo kwake n'kuti. Mwana amene akuzungulira mtondo wamva mawu ndipo akuwasinkhasinkha. Mawu amayamba alowa, kutuluka amatuluka pambuyo. Ku chipatala anamupimanso makutu ndi lilime, anapeza zili bwino, ndipo za lezala zinayamba zaima.

Zinangoima, sizinathe. Miyezi inapita mwana ali chete, ndipo apongozi a Misozi anayambanso kuifunsa nkhaniyo. Ngakhale ine ndinayamba kuopa kuti mwina ndawachedwetsa pachabe.

Loweruka lapitali a Tembo ankafuna kukapereka mkaka pa njinga, koma pampu inasowa. Anafuna m'nyumba monse akukalipa, mkaka uli padzuwa. Dalitso anawakoka buluku n'kunena kuti, "Atate, ili pansi pa bedi. Nabisa ine." Misozi akuti anagwetsa mbale. A Tembo anaiwala za mkaka, anamunyamula mwana n'kuthamanga naye kwa amayi awo akufuula kuti, "Kambanso, kambanso ambuye ako amve!" Iye osakambanso, kungoseka. Koma kuyambira tsikulo pakamwa sipatsekeka.

Za ntchito yanga nazo zikuyenda. Zimene ndinalemba za momwe ana athu amaphunzirira mawu a malo zinasindikizidwa kunja, ndipo anthu amene sindinawaonepo akundilembera kufunsa. Chimene chandisangalatsa koposa n'chakuti anamwino ena a ku sikelo ayamba kuwatuma ana kapu ndi dengu asanauze mayi kuti mwana wake ali ndi vuto. Ophunzira anga awiri akuyesa zomwezo ndi ana olankhula Chisoli cha ku Kasisi.

Amayi, ndili ndi kapempho. Ngati mwakumana ndi Yohane, mlongo wanga amene anatisiya asanayambe kuyankhula, mumukhazike pafupi, mubise manja, mumutume kanthu. Ndikukhulupirira kuti mawu anu onse aja ankawamva.

Tikatha kukolola ndibwera naye Dalitso kumanda, adzakupatseni moni ndi pakamwa pake. Ndalonjeza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati