Volovolo ya a Malcolm

Lolemba, 7 Okutobala
A Malcolm asamuka mwezi uno kupita kunyumba yosamalira okalamba. Zaka ziwiri ndikuwasambitsa ndi kuwaphikira kuno ku Oshawa, koma lero ndi pomwe anditsegulira kabati yokiya ija. Muli volovolo ya bambo awo, ya pa nkhondo yoyamba. Singawombenso, anaitseka mpope kalekale. Vuto: komwe akupitako salola mfuti, ingakhale yakufa. Mwana wawo Natalie akuti ipite kupolisi akaisungunule. Madala sanadye.

Lachitatu, 9
Ndaigwira! Kulemera kwake ngati nsimbi yamakala. Akuti boma linaitanitsa zambirimbiri ku America chifukwa asilikali anachuluka kuposa mfuti, ndipo Amereka anaziboola molingana ndi zipolopolo za Angelezi. Ukakankha kabatani, chigubu cha mabowo asanu ndi limodzi chimagwera kumanzere, ukadina kamtengo makoko onse a zipolopolo amatuluka pamodzi. Kutako kuli mphete ya chingwe, kuti isagwere m'matope munthu ali pa hatchi. Pambali pali C, mkati mwake kamuvi, chidindo cha boma. Amene anaganiza zonsezi anali ndi mutu, chilungamo. Chondidabwitsa n'chakuti inapangidwira kupha, koma kukongola ndi komweko.

Mwamuna wanga Raheem akuti, "Mayi a Haji asanduka msilikali tsopano?" Amusiye.

Lachisanu, 11
Ndaimbira kamyuziyamu ka asilikali. A Tony, osamala zinthu kumeneko, abwera Lachiwiri kudzaiona. Akaikana, basi ndi kung'anjo. Natalie wavomera monyinyirika.

Loweruka, 12
Ndalowerera za eni. Ndinati mlendo asaione yakuda bii chonchi, kwathu ngakhale poto sumuonetsa mlendo usanakweche. Madala ali mtulo masana, ndatenga sitiliwulu n'kuyamba kumpope. Patangowala kadera ngati chikhadabo, ndamva, "Anifa, no!" Mawu amene sindinawamvepo. Kani kuda kuja si litsiro, ndi mtundu womwe anaiveka kufakitale, ndipo ukachoka subwerera. Sanandikalipire. Angoisisita pamalopo ndi chala chachikulu.

Ndalira mu basi mpaka kunyumba.

Lamulungu, 13
Raheem: "Ukanafunsa kaye, iwenso. Ukaapolojaize bwinobwino." Ngati sindikudziwa.

Lachiwiri, 15
A Tony abwera ndi magolovesi oyera. Aitembenuza, aiyang'ana ndi kagalasi, apeza chidindo chija chili bwinobwino. Kenako afika pa chipsera changa. Ndinafuna nthaka inditsegukire. Ndanena ndekha kuti ndine, asanafunse. Apukusa mutu, nati n'zachisoni ndithu, koma zambiri zimawafika zitakwechedwa thupi lonse, ndipo yokhala ndi mbiri ya mwini wake ngati iyi sapezapeza. Avomera kuitenga!

Natalie wapuma mozama. Ine ndati Alhamdulillah mokweza, osachita manyazi.

A Tony atsegula bokosi, akudikira. A Malcolm apempha aigwire komaliza. Aigwira, aigwirabe. Tonse tili chiimire, a Tony ayamba kuyang'ana pansi. Kenako madala acheukira kwa ine, osati kwa mwana wawo.

"Anifa, dzanja likukana. Ndithandize."

Ndagwada pafupi ndi mpando wawo, ndayamba kuwatambasula zala.