Matayala akutsogolo a kathirakitala

Lachinayi, pakati pa Januwale. Tsiku lozizira, lopanda phindu.

Sinowo, chipale chofewa chija, yagwanso. M'mawa ndinaliza kathirakitala kanga kuti ndikankhe ya pakhomo, amayi a Tadala apeze potulukira popita kuntchito. Ndimati ndikhote, koma iko kamangopita kutsogolo mpaka kukagunda mpanda wa aneba. Matayala akutsogolo atha, asalala ngati chikhatho.

Masana ndinapita kusitolo konkuno ku Brampton. Ndinaloza a mano akuluakulu, ngati a thirakitala imene bambo anga ankalimira pa esiteti ku Kasungu. Wogulitsa anapukusa mutu. Akuti amenewo ndi akumbuyo, kutsogolo kumafunika a mizere, ndiwo amagwira pokhota. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, kugwira ili, kugwira ilo. Ndinabwerako chimanjamanja.

Amayi a Tadala sanafunse n'komwe za matayalawo. Anangoti, "Bambo a Tadala, adokotala anakuletsani fosholo chifukwa cha mtima, ana nawo anachoka. Tigulitse nyumbayi, tikakhale ku kondo, kunyumba zosanjikizana zija, kumene sinowo amachotsa ndi ena."

Ndinayankha kuti ndikasankha mawa. Sabata yatha ndinateronso. Ndikagula matayala ndiye kuti ndawakanira, ndikapanda kugula ndiye kuti ndavomera.

Madzulo ndinasuzumira pawindo. Amayi a Tadala anali panja atavala jekete langa, akuchotsa sinowo ndi fosholo ija, akumaima kaye n'kugwira msana. Nsapato zinali kale m'manja kuti ndituluke, koma ndikanakawauza chiyani ine...